Chitini cha malemu bambo: dzino, munga ndi mwala wopotana

Lachiwiri madzulo

Anaphiri a ku 49: Mwaswera bwanji nonse. Pagulu pano ndimangowerenga nkhani za mbalame ndi mitengo, sindinalembepo, koma lero ndabwera ndi pempho. Bambo athu anatisiya mwezi wa Epulo, ndipo sabata yathayi ine ndi mayi takhala tikulongosola katundu wawo. Pansi pa sutikesi tapeza chitini cha mabisiketi chomanga ndi mphira, m'kati mwake muli tinthu tokulunga m'manyuzipepala. Bambo anali dalaivala wa mathiraki zaka zambiri. Ankafika ku Durban, ku Beira, ku Dar es Salaam, komanso ankatumidwa kumpoto pafupipafupi. Sanali munthu wosunga zachabechabe, ndiye ngati anasunga izi pali chimene anaonapo. Ndaponya zithunzi zitatu. Choyamba chikuoneka ngati dzino. Chachiwiri ngati munga wa nsomba. Chachitatu ndi mwala wopotana, maonekedwe ake ngati ndowe za nyama. Amene akudziwa andithandize.

Amake Dalitso: Pepani ndi zovuta achemwali, mzimu wa bambo uuse mumtendere. Koma ndinene zoona, zinthu zokulungakulunga zobisa pansi pa sutikesi musamazigwire ndi manja. Madalaivala ambiri akale ankayenda ndi zithumwa zodzitetezera panjira. Itanani kaye abusa.

Anaphiri a ku 49: Zikomo mayi. Mayi athu anaganizanso choncho tsiku loyamba. Koma ine ndikukumbukira ndili mwana bambo akutulutsa chitinichi pakhonde n'kumaonetsa alendo dzinolo. Chithumwa munthu saonetsa alendo.

A Mwale aphunzitsi: Pepani mayi ndi imfa ya bambo. Tisanayambe kulosera, jambulaninso chilichonse pachokha, masana, papepala loyera, rula ili pambali. Jambulani kumaso, kumbuyo ndi cham'mbali. Mutiuzenso kulemera kwake mukachiyika m'manja, ngati chikulemera ngati fupa kapena ngati mwala. Ndipo funso lalikulu kuposa onse, funsani mayi ngati akukumbukira kumene bambo anatenga chilichonse.

Abanda a ku Kawale: Dzinolo ndi la ng'ona basi. Anatola kunyanja.

Malume a ku Senga Bay: Ayi achimwene, la ng'ona silikhala choncho. Ndakulira m'mphepete mwa nyanja, mano a ng'ona ndawagwira. Limakhala lobulungira ngati kanyanga ka mbuzi, ndipo kunsi kwake kuli mphako. Ili ndi lophwatalala ngati mpeni, kunsi kuli mphanda. Nyama imeneyi m'nyanja yathu mulibe.

Anaphiri a ku 49: Ndajambulanso pansi pa getsi, zamasana ndiponya mawa. Dzinolo ndi masentimita 6 kuchokera kunsonga kufika kunsi. Likulemera ngati mwala. Kumtunda kwake n'kosalala konyezimira, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. Kumbali zonse ziwiri kuli kadzino kakang'ono.

Nyagondwe: Achemwali pepani ndi maliro. Ndinaphunzira za miyala ku Zomba, ndiye izi zandidzutsa. Dzino limenelo ndi la shaki, ndipo ndi lakalekale lomwe linasanduka mwala. Yendetsani chala m'mphepete mwake mosamala. Kodi muli timano tating'ono ngati ta sowo, kapena n'mosalala?

Anaphiri a ku 49: Mosalala, koma mwakuthwa ndithu.

Nyagondwe: Ndiye ndi Otodus obliquus. Zizindikiro zake zonse zilipo: dzino la makona atatu, m'mphepete mosalala, kadzino kotambalala mbali iliyonse, ndi tsinde lokhuthala lamphanda. Shaki ameneyu anakhalapo zaka pakati pa 60 ndi 50 miliyoni zapitazo, ma dinosaur atatha kale. Mtundu wa tiyi wamkakawo ndi wa mano ochokera ku migodi ya fosifeti ya ku Morocco, makamaka dera la Khouribga. Kumeneko amakumba mwala wopangira feteleza, ndipo mano otere amatuluka ochuluka zedi moti amagulitsidwa m'mashopu a ziboliboli maiko ambiri. Ndikuganiza kuti bambo anagula ku South Africa.

Abanda a ku Kawale: Si megalodon ameneyu, chishaki chachikulu chakale chija? Ndinaonera pa YouTube, mano ake amagula madola ambirimbiri.

Nyagondwe: Ndi apachibale, megalodon nayenso masiku ano amamuika mumtundu wa Otodus. Koma dzino la megalodon lili ndi timano ta sowo m'mphepete monse, lalikulu silikhala ndi tiana tam'mbalito, ndipo ena amafika masentimita 18. Iyeyo anabwera mochedwa, anatha zaka pafupifupi 3.6 miliyoni zapitazo. La Anaphirili ndi la agogo ake. Pa ndalama musayembekezere zambiri achimwene, mano a ku Morocco ndi otchipa chifukwa chochuluka.

Amake Dalitso: Nanga bwanji amangopeza mano okhaokha? Mutu wake ndi nthiti zimapita kuti?

A Mwale aphunzitsi: Funso labwino mayi. Gwirani khutu lanu kapena nsonga ya mphuno. Shaki thupi lake lonse limagwiridwa ndi chinthu chofewa chotero, alibe mafupa olimba ngati a chambo. Akafa chimaola msanga. Mano okha ndiwo olimba, ndipo shaki amagulula mano moyo wake wonse, lina likagwa lina limasendera kutsogolo kuchokera mumzere wakumbuyo. Shaki mmodzi amataya mano zikwizikwi asanafe. Akagwera m'matope pansi pa nyanja n'kukwiririka, mchere wa m'nthakamo umalowa pang'onopang'ono n'kuwapatsa mtundu. N'chifukwa chake ena amatuluka akuda, ena ofiirira, ena otuwa. Mtundu umanena za dothi limene linagonamo, osati za msinkhu wake.

Abanda a ku Kawale: Koma mwina anatola konkuno. Ine ndinamva kuti kalekale Lilongwe yonseyi inali pansi pa nyanja.

A Mwale aphunzitsi: Apa ndiye ndikane achimwene. Mwala umene uli pansi pa mzinda uno ndi womwe uja mumauona akuswa kukhala kwale womangira. Ndi wakale koposa zaka 500 miliyoni, ndipo unapsa ndi kufinyika pansi penipeni pa dziko mpaka kusintha maonekedwe. Unalipo shaki woyamba asanakhaleko, ndipo ngakhale mukanagwera chamoyo, moto umenewo sukanasiya kanthu. Pamwamba pake pali katondo, makande a m'madambo ndi mchenga wa m'mitsinje, zomwe ndi zadzulodzulo. Dzino la shaki wa m'nyanja yamchere likapezeka ku Lilongwe, ndiye kuti labwera m'thumba la munthu.

Malume a ku Senga Bay: Shaki wa m'madzi opanda mchere alipo koma. Ku Mozambique amalowa mumtsinje wa Zambezi.

Nyagondwe: Zoona malume, ndi uja a ku South Africa amamutchula kuti Zambezi shark. Koma mano ake ndi ang'onoang'ono, ali ndi timano ta sowo, ndipo akakhala atsopano ndi oyera ndi opepuka. Si limeneli. Achemwali, chinthu chimodzi choti muone mawa kukawala: ogulitsa ena amamata mano osweka ndi guluu wosakaniza ndi mchenga. Yang'anani pamene dzino lakumana ndi tsinde, komanso pa timano tam'mbalito. Pakakhala mzere wonyezimira kapena pokhala ngati shuga wouma, pamenepo anamata. Mukapakapo pang'ono mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo, guluu amafewa n'kumanata, mwala suchita kanthu. Koma ngati simukufuna kuti chigwe, ingoyang'anani, musapake.

Admin: Chonde amene akulembera Anaphiri kumbali kuti agule zinthuzi asiye. Andidandaulira. Gulu lino si msika, ndiponso munthuyu ali pachisoni.

Malume a ku Senga Bay: Tsono chachiwiricho ndisiyireni ine. Umenewo ndi munga wa nkholokolo, wa pachipsepse cha pambali pafupi ndi mutu. Onani timano mbali zonse ziwiri, takumbuyoko tokulirapo topindikira kunsi, ndi kamutu kokhota kumapeto kumene umalowa m'thupi. Nsomba imeneyi ikakodwa imatambasula minga itatu, umodzi pamsana iwiri m'mbali, n'kuikhoma kuti gwa. Kuichotsa mu ukonde ndi ntchito, asodzi amayamba athyola mingayo. Ikakubaya umatuluka ndi mnofu, chala chimatupa masiku. Ndipo mukaitulutsa m'madzi imalira, kumveka kuti kwii kwii. Kulirako kumachokera pa kamutu komweko kakamakhulana ndi fupa la paphewa.

Anaphiri a ku 49: Malume mwandikumbutsa. Kwawo kwa bambo ndi ku Salima, ndipo ankanena kuti ali mnyamata nkholokolo inawabaya paphazi mpaka anajomba kusukulu. Anali ndi chipsera. Mwina ndi womwewo.

Malume a ku Senga Bay: N'kutheka mwanawe. Ambiri amasunga.

Abanda a ku Kawale: Ndiye nawonso ndi fossil, wakale wosanduka mwala?

Nyagondwe: Pachithunzi ukuoneka woyererako. Achemwali, ukulemera bwanji?

Anaphiri a ku 49: Wopepuka kwambiri, ngati kamtengo ka machesi kokulirapo.

Nyagondwe: Ndiye ndi wa masiku athu ano. Fupa losanduka mwala limalemera kuposa mmene maso akuonera, ndipo mukaligogoda pa mbale yadothi limalira ngati nsangalabwi. Latsopano limamveka ngati mtengo. Palinso njira ya singano yotentha: fupa latsopano limanunkha ngati tsitsi lowauka chifukwa mukadali mafuta ndi zomata zake, pamene lakalekale silinunkha. Koma pa munga wa bambowu musayese, palibe chifukwa chouwonongera.

Kuti ena adziwe, minga ya nsomba zakale imapezekadi, ndipo imasokoneza anthu. Wa nsomba za mtundu wa mlamba, kampango ndi nkholokolo umadziwika ndi kamutu kolumikizira kaja. Wa kumchira kwa nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa stingray ndi wophwatalala, wofanana mbali zonse, timano mbali ziwiri koma wopanda kamutu. Ndiye panali ashaki akale otchedwa hybodont amene anali ndi munga kutsogolo kwa zipsepse za pamsana, ena a iwo ankakhala m'mitsinje. Munga wawo uli ndi mizere yoyenda m'litali ngati malata, tingowe kumbuyo, ndipo kunsi kwake n'kong'ambika ngati ngalande chifukwa unkazikika mumnofu. Kuno kwathu mafupa a nsomba zakale za mtundu wa milamba anapezeka ku Karonga, m'miyala ya Chiwondo.

A Mwale aphunzitsi: Chiwondo yomweyo imene munatuluka chibwano cha munthu wakale ku Uraha mu 1991. Anachipeza a gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, ndipo chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ndinkaphunzitsa zimenezi ana n'kumaona ngati ndikunena za dziko lina.

Amake Dalitso: Aphunzitsi, zaka mamiliyonizi amaziwerenga bwanji? Analipo ndani?

A Mwale aphunzitsi: Njira zilipo zingapo mayi. Kumene kuli phulusa la mapiri ophulika, muli timiyala tokhala ndi zinthu zimene zimasintha pa liwiro lodziwika, ndiye akayeza kuchuluka kwa zosinthazo amadziwa nthawi imene phulusalo linagwa. Fupa lopezeka pakati pa mizere iwiri ya phulusa msinkhu wake uli pakati pomwepo. Ku Chiwondo anadalira kwambiri mano a nguluwe zakale. Nguluwezo mano ake ankasintha m'kupita kwa nthawi, ndipo ku Kenya ndi ku Ethiopia mitundu yomweyo inapezeka pakati pa phulusa loyezedwa kale. Ndiye akapeza dzino lofanana ku Karonga amadziwa kuti ali pa nthawi iti.

Abanda a ku Kawale: Chabwino. Koma chachitatucho ndiye ndalama. Ndafufuza, ndi ndowe za dinosaur, amati coprolite. Chikufanana ndendende ndi zithunzi za pa intaneti.

Anaphiri a ku 49: Ndawafunsa mayi za chimenechi. Akuti anachitola pakhomo pompano ku 49 pamene anyamata ankakumba dzenje la chimbudzi, tisanakoke madzi.

Nyagondwe: Yankho la mayi lathetsa theka la nkhani. Achimwene Abanda, ndowe zosanduka mwala zilipodi, sindikutsutsa. Koma palibe chinthu chimene chimanamiza anthu otola miyala kuposa chimenechi, chifukwa maonekedwe okha sakwanira. Mwala uliwonse wopotana umafanana ndi ndowe.

Nkhani yake inayambira ku England. Mayi wina wotola mafupa akale m'mphepete mwa nyanja ku Lyme Regis, Mary Anning, ankapeza timiyala tobulungira m'mimba mwa mafupa a ichthyosaur, zokwawa za m'nyanja. Atatiswa anapezamo mamba ndi minga ya nsomba. Katswiri wa miyala William Buckland ndiye analemba za izo mu 1829 n'kuzitcha coprolite. Onani kuti chimene chinawatsimikizira ndi zam'kati ndi malo amene zinapezeka. Mpaka lero ndi mmene timadziwira. Mumayang'ana ngati muli tizidutswa ta mafupa, mamba, mano kapena zomera. Mumayang'ana ngati m'mwala womwewo muli mafupa a nyama zina. Ku labu amayeza ngati muli fosifeti wambiri, chifukwa ndowe zimene zimasungika bwino ndi za nyama zodya zinzake, zimene zimameza ndi mafupa omwe.

Malume a ku Senga Bay: Ngati za fisi. Zikauma zimayera mbuu ngati choko.

Nyagondwe: Ndendende malume, mwapereka chitsanzo chabwino kuposa changa. Za fisi zimayera chifukwa cha mafupa amene amatafuna, ndipo n'chifukwa chake m'mapanga akale ndowe za afisi zimapezeka zambiri pamene za mbawala zinasungunuka kalekale. Za nyama zodya udzu zimaphwanyika msanga.

Za kupotana, pali kupotana kwenikweni kumene timakukhulupirira. Ashaki ndi nsomba zina zakale matumbo awo m'kati ndi ozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndiye chotulukamo chimakhala ngati chipepala chokulungidwa mwadongosolo, mizere yake yotsatana bwinobwino, mbali imodzi yosongoka. Cha pachithunzichi chapotana mwachisawawa, chili ndi timatuza, ndipo mtundu wake ndi wa dzimbiri.

A Mwale aphunzitsi: Ndi lubwe ameneyo. Aliyense amene anakumbapo dzenje kuno anakumana naye, uja amabunthitsa piki. Madzi a mvula amasungunula chitsulo cha m'dothi, m'chilimwe madzi akatsika chitsulocho chimaundana mozungulira muzu, una wa chiswe kapena kamwala. Zaka zikamapita chimalimba n'kutenga maonekedwe a njira imene chinadzaza.

Abanda a ku Kawale: Koma aphunzitsi simunachigwire. Mukungoonera pafoni ngati ine.

A Mwale aphunzitsi: Mwanena zoona. Ndiye tiyeni chiyezedwe. Mayi, mawa pezani chidutswa cha tayilosi, mukhule mwalawo kuseri kwake kosanyezimira. Ukasiya mzere wachikasu chofiirira kapena wofiira ngati katondo, ndi chitsulo. Ukasiya woyera kapena wotuwa, tikambirananso. Kenaka dontheza viniga pang'ono. Akachita thovu ndiye kuti ndi laimu, ngati timiyala toyera tija timapezeka m'madambo ena.

Amake Dalitso: Ndinamva kuti ena amanyambita kuti adziwe.

Nyagondwe: Amatero ndi mafupa, chifukwa fupa lili ndi timabowo ndiye limakakamira lilime. Koma chinthu chotuluka m'dothi la pakhomo musaike pakamwa. Nyowetsani chala n'kugunda, chimagwira chimodzimodzi.

Ndiwonjezere kanthu kamene kamandisangalatsa. Ku England komweko, m'zaka za m'ma 1800, anthu a ku Suffolk ndi ku Cambridgeshire ankakumba timiyala ta fosifeti timene ankatitchula kuti ma coprolite, n'kumatigaya kupanga feteleza. Zambiri mwa izo sizinali ndowe n'komwe, zinali timiyala toundana ndi mafupa ndi mano. P uja wa pathumba la feteleza wokulitsa ndi fosifeti, ndipo Morocco ndi limene lili ndi nkhokwe yaikulu ya mwala umenewu padziko lonse. Ndiye dzino la bamboli linachokera m'mwala wa mtundu womwewo umene timathira m'chimanga. Wathu wa ku Tundulu ku Phalombe ndi wosiyana, unachokera m'moto wa pansi pa dziko, mulibe mano.

Lachitatu masana

Anaphiri a ku 49: Mwadzuka bwanji. Ndayesa. Mzere wa pa tayilosi ndi wachikasu chofiirira ngati dzimbiri la pa khasu. Viniga sanachite thovu. Kumapeto kwake kunali kobenthuka kale, ndayang'anamo ndi tochi, muli timchenga tonyezimira ndi kabowo koyenda pakati. Mulibe chooneka ngati fupa.

A Mwale aphunzitsi: Kabowo kameneko ndi pamene panali muzu.

Abanda a ku Kawale: Ndavomera aphunzitsi. Ndinali nditakhulupirira ndithu.

Anaphiri a ku 49: Dzino lija kadzino kakumanzere kali ndi mzere wonyezimira kunsi, ndiye mwina anamatadi. Sindipakapo kanthu. Mayi akuti analigula ku Durban ulendo umene anabwera ndi wailesi yaikulu. Koma pali china. Pansi penipeni pa chitini panali kamwala kakuda kophwatalala kokulunga mu hanki, kukula ngati chikhatho. Dzulo sindinakajambule, ndimayesa ndi kachidutswa ka sileti. Lero ndikukapukuta ndaona kuti pali chithunzi cha tsamba. Nachi.

Nyagondwe: Achemwali siyani kupukuta. Musakanyowetse, musakapake mafuta kapena vanishi. Kaikeni pansalu youma. Jambulani tochi ikuwalira cham'mbali kuti mizere ioneke. Ndipo afunseni mayi msanga kumene kanachokera.

Anaphiri a ku 49: Akuti nthawi imene bambo ankanyamula malasha kuchokera ku migodi ya kufupi ndi Livingstonia. Tsiku lina akudikira kupakira anaona mwala utang'ambika pamulu wa zotaya, m'kati muli tsamba. Akuti anafika nako kunyumba akusangalala ngati mwana, n'kumati tsamba lalowa bwanji m'mwala.

Nyagondwe: Ichi ndiye chuma cha m'chitinimo. Pa zinayi zonse, ichi chokha ndicho chakalekale chochokera m'nthaka ya Malawi. Onani mmene tsambalo lilili: lalitali ngati lilime, losongokera kunsi, msana umodzi pakati, ndipo timitsempha tikuchoka pamsanapo mopendekera n'kumalumikizana ngati ukonde. Limeneli ndi Glossopteris, dzinalo limachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza lilime. Ali ndi mbale wake Gangamopteris amene alibe msana woonekera, koma pa chithunzi chanu msana ukuoneka bwino.

Mitengo imeneyi inamera zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ma dinosaur asanabwere. Inkadzaza madambo akuluakulu, masamba ake n'kumayoyokera m'matope chaka ndi chaka. Malasha amene bambo ankanyamulawo ndi mitengo yomweyo itafinyika. Tsamba ili linagwera m'matope osalala pamwamba kapena pansi pa mzere wa malasha, n'chifukwa chake linasiya chidindo m'malo mosanduka malasha.

A Mwale aphunzitsi: Mayi, mwagwira chinthu chimene ine ndinkachijambula pabolodi ndi choko zaka zonse osachionapo. Tsamba limeneli limapezeka ku South Africa, ku India, ku Australia, ku South America mpaka ku Antarctica. Njere zake zinali zolemera, sizikanawoloka nyanja zamchere. Ndi umodzi mwa maumboni amene wasayansi Alfred Wegener anagwiritsa ntchito ponena kuti maiko amenewa anali ogundana kale, chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana. Robert Scott ndi anzake atafera m'chisanu ku Antarctica mu 1912 pobwerera kuchokera ku South Pole, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, anawapeza ndi miyala yolemera makilogalamu pafupifupi 16 imene sanaitaye ngakhale anali atafooka, ndipo mwa miyalayo munali masamba omwewa.

Malume a ku Senga Bay: Bambo anu anali ndi diso mwanawe. Anthu angati anaponda pamulu umenewo osaona?

Amake Dalitso: Achemwali mundikhululukire za zithumwa zija. Ndinalankhula ndi mantha.

Anaphiri a ku 49: Palibe mlandu mayi, munanena pofuna kutiteteza.

Abanda a ku Kawale: Ndiye kumpoto kuli zambiri eti. Ine ndimangodziwa za dinosaur wa ku Karonga.

Nyagondwe: Kwathu kumeneko. Dera lomwelo la Livingstonia mukatsikira ku Chiweta kuli miyala imene munatuluka zigaza za nyama zakale zofanana ndi zokwawa koma za mzere umene unadzabala nyama zoyamwitsa. Imodzi anaitcha Lende chiweta mu 2015. Ma dinosaur ali ku Mwakasyunguti, m'miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni. Mafupa oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920, Sidney Haughton n'kuwalemba mu 1928, koma dzina loti Malawisaurus linabwera mu 1993 kuchokera kwa Louis Jacobs ndi anzake. M'gulu limenelo munali mayi wathu wa Chimalawi, Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake anatcha dzina kang'ona kakang'ono ka Malawisuchus mu 1997 ndi dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005. Ineyo ndinasankha maphunziro a miyala nditaimirira pansi pa mafupa a Malawisaurus ku miyuziyamu ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Mukadzapita kumpoto ndi ana musadzangodutsa.

Admin: Popeza nkhani yafika apa, tikumbutsane. Zinthu zakale zopezeka m'nthaka ya dziko lino, kuphatikizapo mafupa ndi zomera zosanduka miyala, zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Kuzigulitsa mwachinsinsi kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Oyang'anira ndi a nthambi ya boma ya Museums and Monuments. Wopeza chinthu chikadali m'nthaka asachizule, ajambule, asunge malo pafoni, akanene.

Anaphiri a ku 49: Ndiye atilanda? Mayi sangalole, hanki imeneyi ndi imene bambo ankapita nayo kutchalitchi.

Nyagondwe: Pitani kaye ndi zithunzi mukawafotokozere mmene kanapezekera, mumve malangizo awo. Masamba a Glossopteris si osowa m'miyala ya malasha, ndipo chimene akatswiri amachifuna kwambiri ndi kudziwa malo. Ngati mukufuna ndikuperekezani, ndimakhala ku 18. Koma lero lomwe, mayi akadakumbukira bwino, lembani kapepala: dzina la bambo, mgodi kapena mudzi wapafupi, chaka, ndi mawu oti kanatoledwa pamulu wa zotaya osati m'kati mwa mgodi. Chitani chimodzimodzi ndi zinazo, dzino mulembe kuti linagulidwa ku Durban, kuti mdzukulu asadzaganize kuti linatuluka ku 49. Kamwalako kasagundane ndi dzino m'chitini, mwala wamtunduwu umasendeka. Kapezereni kabokosi kakekake, pansi muyale thonje, ndipo kakhale pouma.

A Mwale aphunzitsi: Lembani ndi pensulo mayi. Inki ya bolopeni imafufutika zaka zikapita.

Anaphiri a ku 49: Ndalemba zitatu. Pa tsambali mayi sakukumbukira dzina la mgodi, koma akuti bambo ankagona ku Chiweta akamadikira, ndipo chinali chaka chimene mlongo wanga wamng'ono anayamba kuyenda, chifukwa anamuletsa kukagwira. Ndamuimbira kuti ndiwerengere bwino chakacho, akuti abwera Loweruka adzakaone, sanadziwe n'komwe kuti kalipo. A Nyagondwe, Lolemba m'mawa muli ndi mpata? Mayi akuti nawonso apita.

Nyagondwe: Ndili nawo. Tikumane 8 koloko, ndikutumizirani malo kumbali.